Mad Men: chifukwa chake sewero la otsatsa malonda limagonetsa anthu m'bandakucha

Munthu akamva koyamba kuti Mad Men ndi sewero la pa TV la anthu otsatsa malonda ku New York m'zaka za m'ma 1960, sayembekezera zambiri. Mulibe apolisi othamangitsa mbava, mfuti sizilira pafupipafupi, ndipo nthawi yambiri imathera mu ofesi, anthu akusuta, akumwa, akukangana pa chiganizo chimodzi choti chilembedwe pansi pa chithunzi cha sutikesi. Koma ambiri amene amapirira magawo anayi oyamba sasiyanso. Kuti timvetse chimene chimawagwira, tiyenera kumvetsa kaye mmene ntchito imeneyi inkayendera, makamaka kumene ndalama zinkachokera, chifukwa mikangano yambiri ya m'seweroli imaphukira pamenepo. Amene simunalionere dziwani kuti zina za m'kati mwake, ngakhale mathero, zatchulidwa m'munsimu.

Seweroli linayamba pa 19 July 2007 pa kanema wa AMC ku America ndipo linatha pa 17 May 2015. Lili ndi masizoni 7, magawo 92, gawo lililonse mphindi pafupifupi 47, kutanthauza maola oposa 70 mukaphatikiza. Analiyambitsa ndi Matthew Weiner, amene analemba gawo loyamba zaka zingapo asanapeze woligula. David Chase, amene anayambitsa sewero la The Sopranos pa kanema wa HBO, ataliwerenga anamulemba ntchito pa sewero lakelo, koma HBO sinatenge Mad Men. Linapambana mphoto ya Emmy ya sewero labwino koposa zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2008 mpaka 2011. Dzina lake likuchokera ku Madison Avenue, msewu wa ku Manhattan umene makampani ambiri otsatsa malonda anali ndi maofesi.

Sewero la nthawi yakale n'chiyani?

Ndi nkhani yopeka imene aiika m'nthawi yeniyeni. Kampani yotsatsa malonda ya m'seweroli, Sterling Cooper, sinakhaleko, Don Draper ndi Peggy Olson sanakhaleko, koma opikisana nawo monga McCann Erickson ndi Doyle Dane Bernbach analipo, ndipo makasitomala awo monga Lucky Strike, Kodak, Heinz ndi Hilton ndi enieni. Nkhani imayamba mu March 1960 n'kuthera chakumapeto kwa 1970. Kusiyana kwake ndi filimu yofotokoza mbiri n'kwakuti zochitika zikuluzikulu sizikhala pakati pa nkhani. Zimalowa kudzera pa wailesi kapena TV imene ili pakona. Imfa ya Pulezidenti Kennedy pa 22 November 1963 timaiona ngati chinthu chimene chasokoneza ukwati wa mwana wa bwana wina, umene unali woti uchitike mawa lake, ndipo mipando yambiri ya alendo ikhala yopanda anthu.

Kuti woonera akhulupirire, pamafunika ntchito yambiri ya manja. Janie Bryant, amene ankayang'anira zovala, ankaveka akazi ochita seweroli zovala zamkati zothina za nthawi imeneyo, chifukwa ndi zimene zimasintha kaimidwe ndi kayendedwe ka munthu. Ndudu zimene ankasuta zinali za zitsamba, zopanda fodya. Gawo loyamba lokha ndi limene analijambula ku New York, ena pafupifupi onse ku Los Angeles. Luso lina losaonekera msanga n'lakuti nyumba ya mu 1962 saidzaza ndi katundu wa mu 1962. Anthu sagula mipando chaka chilichonse, choncho zambiri za m'nyumba zimakhala za zaka khumi zapitazo.

Zolakwika zilipo. Makina otaipira a IBM Selectric amaoneka m'gawo loyamba, la mu March 1960, pomwe anatuluka mu 1961. Makina oonetsera zithunzi a Kodak Carousel nawo anafika pamsika nthawi ya m'seweroli itadutsa pang'ono.

Kampani yotsatsa malonda inkadya bwanji?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Timaganiza kuti wopanga sopo ankalipira kampani yotsatsa malonda chifukwa cha mawu okoma amene yamulembera. Sizinali choncho. Ndalama zinkachokera ku komishoni ya 15 peresenti pa malo otsatsira amene agulidwa m'magazini, m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa TV. Tiyerekeze kuti wopanga sopo akufuna masamba a m'magazini a madola 100,000. Kampani yotsatsa imamulipiritsa 100,000, koma eni magazini amailipiritsa 85,000 yokha. Madola 15,000 otsalawo ndiwo olipirira olemba, ojambula, masekilitale, lendi ya ofesi ndi mowa wa mabwana. Pa ntchito zopatsa anthu akunja, monga kujambula zithunzi ndi kukonza zilembo zosindikizira, ankaonjezerapo 17.65 peresenti. Nambala yachilendoyi ili ndi chifukwa: mukaonjezera 17.65 peresenti pa 85 mumafika pa 100, ndiye phindu limakhalabe 15 pa 100.

Dongosololi linachokera m'zaka za m'ma 1800. Oyamba pa ntchitoyi, monga Volney Palmer wa ku Philadelphia cha m'ma 1840, anali ogulitsa malo m'manyuzipepala basi, ndipo ankalipidwa ndi eni nyuzipepala. Kampani ya N. W. Ayer & Son, imene inayamba mu 1869, inathandiza kutembenuza zinthu kuti wotsatsa azigwirira ntchito mwini katundu. Kulemba mawu ndi kujambula zinabwera pambuyo ngati nyambo yokopera kasitomala, koma njira yolipirira inatsala yakale ija. Zili ngati woitanira minibasi pa depoti: akukulangizani inu basi yoti mukwere, koma womulipira ndi kondakitala, ndipo amapeza zambiri mukakwera ambiri. Wotsatsa ankapindula kasitomala akagula malo ambiri, kaya katundu wayenda kaya sanayende.

Zinthu zitatu zimatuluka m'dongosolo limeneli, ndipo zonse zimaoneka m'seweroli. Choyamba, kukula kwa kampani ankakuyeza ndi ndalama zonse zodutsa m'manja mwake, osati zotsala m'thumba. Mukamva wina akunyadira kasitomala wa madola 2 miliyoni, kampani ikudyapo 300,000. Chachiwiri, kampani imodzi sinkaloledwa kugwirira ntchito makasitomala awiri opikisana. N'chifukwa chake mu sizoni yachiwiri Sterling Cooper imataya kampani yaing'ono ya ndege ya Mohawk pofuna kukopa American Airlines, kenako munthu wawo wa ku American achotsedwa ntchito, iwo n'kutsala manja lendelende. Chachitatu, kasitomala ankatha kuchoka nthawi iliyonse atangopereka chidziwitso cha miyezi yochepa. Kampaniyo ilibe fakitale kapena katundu m'nkhokwe. Chuma chake ndi ubale wa anthu ndi mafayilo, n'chifukwa chake kumapeto kwa sizoni yachitatu mabwana angapo amatha kuyambitsa kampani yatsopano pa Loweruka ndi Lamlungu lokha, atanyamula mafayilo ndi kuimbira mafoni makasitomala.

Komishoni imeneyi inayamba kutha mphamvu m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene kugula malo otsatsira kunapita ku makampani apadera, ndipo ambiri lero amalipidwa ndalama yogwirizana pa ntchito.

Ndani amachita chiyani mu ofesimo?

Pali magulu awiri amene sagwirizana koma sangasiyane. A ku accounts, monga Roger Sterling ndi Pete Campbell, ndi osaka ndi kusamala makasitomala. Ntchito yawo ndi nkhomaliro zazitali, mowa ndi kumvetsera madandaulo. Ndalama zodyetsera kasitomala panthawiyo zinkachotsedwa zonse powerengera msonkho, zimene zinathandiza kuti kumwa masana kukhale mbali ya ntchito. Boma la America linadzachepetsa mwayi umenewu mu 1986, n'kuuchepetsanso kufika pa theka mu 1993. A ku creative ndi opanga uthengawo: copywriter amalemba mawu, art director amakonza maonekedwe, ndipo mkulu wawo, amene ndi Don Draper, ndi wovomereza kapena kukana.

Ntchito imodzi inkayenda motere. Wa accounts amabwera ndi zofuna za kasitomala. Ofufuza amasonkhanitsa anthu ochepa m'chipinda chokhala ndi galasi loonera mbali imodzi n'kumva zimene akunena za katunduyo. Olemba ndi ojambula amapanga maganizo ambiri, ochuluka n'kutayidwa. Osankhidwawo amajambulidwa pamanja pa makatoni akuluakulu n'kukaonetsedwa kwa kasitomala. Akavomera, amaitana wojambula zithunzi, amatumiza mawu kwa okonza zilembo, ndipo wina amadula ndi kumata zonse pa katoni ndi guluu zisanapite kosindikiza. Malo ovuta kwambiri ndi pokopa kasitomala watsopano, pamene kampani imagwira ntchito yonseyi ndi ndalama zake popanda chitsimikizo. Ikalephera, milungu ya ntchito yapita m'madzi.

TV inasokoneza zonsezi. Mu 1950 nyumba imodzi mwa khumi ku America ndi imene inali ndi TV, koma pofika 1960 zinali pafupifupi zisanu ndi zinayi mwa khumi. M'seweroli Harry Crane, munthu wosaoneka ngati wofunika, amadzipangira dipatimenti ya TV ali yekha, ndipo mphamvu zake zimakula chaka ndi chaka mabwana asakuzindikira.

Njira ziwiri zogulitsira chinthu

M'zaka za m'ma 1950 kunali maganizo a Rosser Reeves wa ku kampani ya Ted Bates: peza chinthu chimodzi chimene katundu wako akulonjeza, uchibwereze mpaka chikhazikike m'mutu mwa munthu. Malonda ake a mankhwala a mutu a Anacin, oonetsa nyundo ikugunda m'chigaza, ankatopetsa anthu koma ankagulitsa. Kenako kunabwera Bill Bernbach, amene anayambitsa nawo Doyle Dane Bernbach mu 1949. Iye anaika wolemba ndi wojambula m'chipinda chimodzi, pomwe kale wolemba ankamaliza mawu n'kuwatumiza kwa wojambula kuti angokongoletsa. Mu 1959 Julian Koenig ndi Helmut Krone anapanga malonda a Volkswagen a Think Small: kagalimoto kakang'ono pakona ya tsamba loyera, nthawi imene magalimoto a ku America ankadzitama ndi kukula. Analankhula ndi wowerenga ngati munthu wanzeru ndipo anavomereza zofooka za galimotoyo.

Sterling Cooper ili kumbali yakale. M'magawo oyambirira antchito ake amanyoza malonda a Volkswagen, Don n'kuwakumbutsa kuti ngakhale akuwanyoza, atha nthawi yaitali akuwakambirana. Njira ya Don mwini ndi ina: amagulitsa chimene munthu akusowa mumtima. Pa makina a Kodak aja, m'malo mofotokoza gudumu losungira zithunzi, amazimitsa magetsi n'kuonetsa zithunzi za banja lake lomwe, mkazi wake atavala za ukwati, ana akusewera, uku akulankhula za kulakalaka kubwerera kumene unakondedwa. Woonera akudziwa kuti banjalo likugwa chifukwa cha mabodza a Don yemweyo. Wantchito mnzake wina amatuluka m'chipindamo akulira.

Nkhani ya fodya

Gawo loyamba limayamba Don akusowa chonena pa Lucky Strike. Vuto lake linali lenileni. Mu 1952 magazini ya Reader's Digest inafalitsa nkhani yolumikiza kusuta ndi khansa, ndipo bungwe la boma la Federal Trade Commission linayamba kuletsa makampani kunena kuti ndudu zawo n'zabwino pa thanzi. Yankho la Don n'lakuti ngati aliyense waletsedwa kunena za thanzi, nenani chinthu china chokoma kumva: fodya wathu ndi wowotcha. M'mbiri yeniyeni mawu akuti It's toasted Lucky Strike inayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1917, Don asanabadwe, koma njira yozembera funso la khansa inali yotero ndithu.

Zotsatira zake zili m'mabuku a boma. Pa 11 January 1964 mkulu wa zaumoyo Luther Terry anatulutsa lipoti lonena kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo. Lamulo la 1965 linakakamiza kuti mapaketi azikhala ndi chenjezo. Mu 1970 Pulezidenti Nixon anasainira lamulo loletsa kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa TV, limene linayamba kugwira ntchito pa 2 January 1971. M'seweroli Lucky Strike imafika pokhala pafupifupi magawo 7 mwa 10 a bizinesi yonse ya kampani yatsopano ija, ndiye ikachoka mu sizoni yachinayi anthu amachotsedwa ntchito. Don amalemba kalata mu New York Times yonena kuti wasiya kutsatsa fodya, ngati kuti chisankho chinali chake. Munthu weniweni amene anachita zofanana ndi Emerson Foote, amene anasiya udindo wake waukulu ku McCann Erickson mu 1964 posafuna kutsatsa ndudu.

Ndudu za mtundu umenewu, zimene amalonda amati American blend, zimasakaniza fodya wa Virginia, wa oriental ndi wa bale, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko olima bale wambiri padziko. Amene anaonapo mitengo ikugwa ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe angamve bwino mantha a kampani yodalira wogula mmodzi wa fodya.

Akazi ndi anthu akuda

Peggy Olson amalowa ngati sekilitale. Amadziwika pamene akazi a mu ofesi auzidwa kuyesa zopaka milomo za Belle Jolie, iye n'kutchula basiketi yotayiramo timapepala topukutira milomo ndi mawu amene wolemba wina anawaona kuti ndi a malonda. Amapatsidwa ntchito yolemba pamwamba pa yausekilitale, malipiro osasintha poyamba. Panthawiyo manyuzipepala ankalengeza ntchito za amuna ndi za akazi m'magawo osiyana, ndipo lamulo loletsa tsankho pa ntchito linabwera mu 1964. Akazi olemba malonda analipo ndithu, ambiri atapatsidwa katundu wa akazi. Shirley Polykoff anatchuka ndi mankhwala a tsitsi a Clairol mu 1956, ndipo Mary Wells anayambitsa kampani yotsatsa ya Wells Rich Greene mu 1966.

Anthu akuda m'masizoni oyamba amaoneka ngati oyendetsa chikepe, operekera zakudya ndi antchito a m'nyumba. Sekilitale woyamba wakuda, Dawn Chambers, amalembedwa mu 1966, ndipo chimene chimatsegula khomo ndi chochitika chenicheni cha chaka chimenecho: antchito a kampani yotsatsa ya Young & Rubicam anaponyera matumba a pepala odzaza madzi anthu ochita zionetsero mumsewu.

Nanga n'chiyani chimamugwira munthu?

Mbali ina ndi mamangidwe. Masewero akale a pa TV ankamaliza nkhani m'gawo limodzi kuti wophonya sabata ino asasochere. Mad Men ili m'gulu limene linakula pambuyo pa The Sopranos, pomwe sizoni yonse ya magawo 13 ndi nkhani imodzi. Kanthu kakang'ono ka m'gawo lachitatu kamadzaphulika m'gawo la 12, kapena patapita zaka zitatu. Pakati pa zonse pali chinsinsi: Don Draper si Don Draper. Ndi Dick Whitman, mwana wa kumudzi wosauka amene anasinthanitsa dzina ndi mkulu wa asilikali amene anafa pa nkhondo ya ku Korea. Woonera amadziwa izi sizoni yoyamba isanathe, ndiye funso limasanduka lakuti wotsatira kudziwa ndani, ndipo adzachita nazo chiyani.

Mbali ina n'njakuti woonera amadziwa zimene anthu a m'seweroli sakudziwa. Mayi woyembekezera akusuta ndi kumwa, banja likutaya zinyalala pa kapinga likamaliza kudya n'kumapita, mwana wavala thumba la pulasitiki kumutu mayi ake n'kudandaula za zovala zimene zinali m'thumbamo. Poyamba izi zimakoma chifukwa zimatipangitsa kudziona ozindikira. Olemba ake amachepetsa nthabwala zotere pamene nkhani ikupita, ndipo ndi pamene seweroli limalimba. Anthu ake sanena zimene akuganiza, ndiye woonera amagwira ntchito yowerenga nkhope ndi kukhala chete kwawo. Amene akuonera uku akuseweretsa foni ndi amene amati palibe chikuchitika.

Kaonedwe nako kanasintha. Oonera oyamba ankadikira sabata, ndipo pakati pa sizoni yachinayi ndi yachisanu anadikira miyezi pafupifupi 17 chifukwa cha kukanganirana makontirakiti. Mu 2011 Netflix inagula ufulu wolionetsa pa intaneti, ndipo pambuyo pake gawo lotsatira linayamba kubwera lokha pakangopita masekondi ochepa. Munthu sasankhanso kupitiriza, amayenera kusankha kusiya. Amene akufuna kugona nthawi yabwino amazimitsa kuti gawo lisamayambe lokha, kapena amaimira pakati pa gawo pamene nkhani yazizira, osati kumapeto pamene olemba aika mbedza.

Mafunso amene sanathe

Kodi linanena zoona? Amene anagwira ntchitoyi panthawiyo sagwirizana. George Lois, mmodzi mwa ojambula otchuka a m'zaka zimenezo, analidzudzula kuti linaonetsa zidakwa n'kusiya achinyamata amene ankasintha ntchitoyi. Jane Maas ndi Jerry Della Femina ananena kuti kumwa, kusuta ndi zibwenzi za mu ofesi zinalidi choncho.

Kodi limadzudzula moyo umenewu kapena limaukometsa? Nkhani imaonetsa mowa ukuononga Don, koma Brooks Brothers inagulitsa suti yotengera seweroli mu 2009, ndipo Banana Republic inatulutsa zovala zake mu 2011. Mu 2017 Heinz inatenga malonda a ketchup amene Don anawapanga m'seweroli, amene kasitomala wopekayo anawakana, n'kuwaika pa zikwangwani zenizeni ku New York. Malire a sewero lofotokoza kutsatsa ndi kutsatsa kwenikweni ali pati?

Kodi kusowa kwa anthu akuda pakati pa nkhani ndi kunena zoona za Madison Avenue, kapena ndi kubwereza tsankho lomwelo? Ena amati ofesi zinalidi zotero. Ena amakumbutsa kuti anthu akuda ngati Clarence Holte anali kale ku kampani yotsatsa ya BBDO m'zaka za m'ma 1950, ndipo olemba akanatha kusankha kuwatsatira.

Mathero nawo amagawanitsa anthu. Don ali ku California akusinkhasinkha, amamwetulira, kenako pamabwera malonda enieni a Coca-Cola a mu 1971, a achinyamata a mitundu yosiyanasiyana akuimba paphiri ku Italy, amene anachokera ku maganizo a Bill Backer wa ku McCann Erickson. Weiner ananena pambuyo pake kuti m'nkhaniyi Don ndi amene anawapanga. Zimene sizinathe n'zakuti kaya munthuyo wapeza mtendere, kaya wangopeza chinthu chatsopano chogulitsa.

Ndipo pa kugwidwa kwenikweniko, bungwe la World Health Organization linaika kusewera magemu mopyola muyeso m'gulu la matenda m'buku lake la ICD-11, koma silinaikemo kuonera masewero motsatizana. Ofufuza akukanganabe ngati munthu woonera magawo asanu usiku umodzi ali ndi chizolowezi chofunika thandizo, kapena akungochita zimene owerenga mabuku aatali akhala akuchita kuyambira kale.